A Mawaya ndi Kompyuta ya M'bokosi la Machesi

Apongozi anga aamuna anthu amawatchula kuti a Mawaya. Dzinali analitola pansi pa masitepe a nyumba yansanjika yoyang'anizana ndi pokwerera mabasi, pomwe anakhalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi akukonza mawailesi. Malowo ndi opanikiza. Ukaimirira mopupuluma umagunda mutu kusimenti, ndipo iwo ali ndi kadazi kam'mbali kamene amati si kaukalamba ayi, n'kamasitepe. Munali tebulo limodzi lalitali, mpando wopanda chotsamira, mita yoyezera magetsi yomangidwa ndi labala, ndi zitini za mkaka zodzaza tizitsulo tochotsedwa m'mawailesi akufa. Fungo la mtovu wosungunuka linalowerera m'malaya awo onse. Ndikudziwa chifukwa wochapa ndine.

Ndinalowa m'banjamo zaka ziwiri zapitazo. Mwana wawo, mwamuna wanga, amayendetsa galimoto zikuluzikulu zonyamula katundu, ndipo pakhomo amagonapo masiku anayi kapena asanu pamwezi. Masiku ena onse timakhala atatu: Bambo, Mayi ndi ine. Ine pakamwa n'polemera chibadwire. Kusukulu aphunzitsi ankaiwala kuti ndilimo m'kalasi mpaka tsiku lobweza mapepala a mayeso. Ndiye kwa apongozi, tangoganizani. Chaka choyamba chonse mawu amene ndinayankhula kwa Bambo anali "zikomo", "madzi ndaika" ndi "chakudya chapsa". Masana ndikawapititsira chakudya kumasitepe, ndinkakhala pakireti kudikira mbale, maso ali pamanja awo.

Manjawo anali ndi lamulo limodzi. Wailesi ikayamba kuyankhula, mwiniwake n'kumwetulira n'kutambasula dzanja kuti ainyamule, Bambo ankamugwira mkono. Ankaizimitsa, kuzula pulagi kapena kutulutsa mabatire, kuwerenga chamumtima mpaka khumi, kenaka n'kubwezera zonse n'kuyatsanso. Ikalira kachiwiri, pamenepo ndiye ankati yakonzeka. Akuti akuphunzira ntchito anakonza wailesi ya mphunzitsi wamkulu wina n'kuipereka ikadali yotentha, ikuimba bwinobwino. Munthu uja kufika nayo kunyumba, kuyatsa, zii. M'mawa mwake anabwera nayo n'kuisenzetsa Bambo pamutu anthu akuona. Kuyambira tsiku limenelo sanaperekenso chinthu osayamba achizimitsa. Ngakhale babu akasintha kunyumba, amayatsa, kuzimitsa, kuyatsanso, Mayi akudikira ndi mpeni wa anyezi m'manja.

"Bambo ake, layaka kale limenelo!"

"Layaka kamodzi. Kamodzi n'kamwayi."

Mawailesi anatha pang'onopang'ono ngati sopo. Anthu anayamba kumvera nkhani pafoni, ndipo wailesi ikafa ankangopatsa ana kuti aziseweretsa. Mafoni Bambo anayesa, koma tizitsulo take n'tochepa kuposa nyerere, maso anakana. Panali masiku amene ndinkapeza patebulo pali mbee, iwo akupukuta mita yoyera kale. Kenaka nyumba ija inagulitsidwa. Eni atsopano anamata pepala pakhoma lakuti onse okhala m'makonde ndi pansi pa masitepe achoke pofika kumapeto kwa mwezi wotsatira.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wina amene kale ankakonzetsa wailesi ya m'galimoto kwa iwo. Tsopano ankagwira ntchito ku kampani yoika magetsi a sola m'masukulu ndi m'zipatala. Anati kampaniyo ikufuna amisiri asanu, ndipo dzina la a Mawaya walipereka kale. Zaka sakuyang'ana. Chofunika n'chimodzi basi: kukhoza mayeso a chitetezo cha pantchito, mafunso makumi anayi, olembera pa intaneti. Pafoni sizitheka, pamafunika kompyuta ya kamera kuti azikuona kuti ukulemba ndiwe. Mayesowo amatsegulidwa tsiku limodzi lokha, Lachisanu lomaliza la mwezi wosamuka uja, kuyambira 8 koloko m'mawa. 4 koloko ikakwana amatseka, kaya wamaliza kaya sunamalize.

Bambo anali ndi zaka 58. Madzulo ake ndinawamva ndili kukhitchini akuuza Mayi kuti khomo ili likatsekeka, lina sadzaliona.

Kunyumba kunali laputopu yakale ya mwamuna wanga. Kamera yake inali yamoyo, koma chosungira zinthu cham'kati chinafa, moti ukaiyatsa inkangolemba mzere umodzi n'kuima. Bambo anali nawo mankhwala ake. Mphunzitsi wina wa pasukulu ya zaluso, amene anamukonzera masipika, anawapatsa kafulashi kofiira powathokoza. M'kafulashimo munali pulogalamu yonse yoyendetsera kompyuta, ija yaulere imene anthu a mayiko osiyanasiyana amathandizana kulemba, ndipo aliyense ndi wololedwa kuisuzumira m'kati n'kusinthamo. Ukabaya kafulashiko pa kompyuta n'kuyatsa, kompyutayo imadzuka kuchokera m'kafulashimo. Mphunzitsi uja anawaonetsa pa laputopu yake zonse zikuyenda, intaneti yomwe. Bambo anakakonda chifukwa, malinga ndi iwo, ndi wailesi yosamata kumbuyo. Ankakasunga m'bokosi la machesi, m'thumba la malaya.

"Mukuti kompyuta yonse ili m'kabokosi kamachesiko?" anafunsa Mayi. "Nanga chachikulucho n'cha chiyani, chopondereza mapepala?"

"Icho ndi thupi. Mzimu uli muno."

"Musadzayatsire mbaula mzimuwo."

Madzulo alionse akaweruka ankaphunzira kuyendetsa kamuvi pasikirini ndi kulemba ndi zala ziwiri, kwinaku akuloweza kabuku ka chitetezo kamene bambo wa ku kampani anawasiyira. Ankangolemba n'kufufuta. Sanasungepo kanthu ngakhale kamodzi.

Ine ndiye ndinasungapo, mobisa. Lamlungu lina iwo ndi Mayi atapita kutchalitchi, ine nditatsala ndi mutu, ndinapeza bokosi la machesi lija m'malaya ochapa. Makompyuta ndinaphunzirako pang'ono kusekondale. Ndinayatsa n'kulemba kalata kwa mwamuna wanga, ya zinthu zimene pafoni ndimalephera kunena. Ndinaisunga kuti akadzabwera ndidzamuonetse, n'kuzimitsa. Ndikuyanika zovala mantha anandigwira: nanga Bambo akaipeza? Ndinathamanga kukayatsanso kuti ndifufute. Kalata munalibe. Ndinalemba liwu limodzi, kusunga, kuzimitsa, kuyatsa. Munalibenso. Apo m'pamene ndinadziwa kuti kompyuta ya m'kafulashi ikazima imaiwala zonse, imadzuka ngati yobadwa kumene. Mtima unakhala pansi. Sindinauze munthu, chifukwa akanandifunsa kuti ndinadziwa bwanji.

Intaneti kwathu kulibe. Kutatsala masabata awiri Bambo ananyamula laputopu kupita kuseri kwa mpanda wa hotela ina kukayesa wayifayi. Palibe chimene inagwira, koma anabwera osadandaula.

"Mpanda ndi wokhuthala, komanso ndinali patali. Zimenezi zili ngati siteshoni yakutali, umachita kuisendera."

Chikhulupiriro chawo chinali pa laibulale, kumene kabokosi ka wayifayi kali pakhoma la chipinda chowerengeramo. Laibulaleyo inali yotseka, akukonza denga, ndipo inatsegulidwa Lolemba la sabata ya mayeso. Koma masiku anayi otsalawo Bambo anawathera kufunafuna eni mawailesi osiyidwa kuti awabwezere asanasamuke. Ina inali itakhala pansi pa tebulo zaka zisanu ndi chimodzi. Anayenda nayo mpaka kupeza mkazi wamasiye wa mwiniwake.

Lachisanu m'mawa Mayi anati, "Mutenge apongozi anu. Chingerezi cha tizilembo ting'onoting'ono chija maso anu sachitha."

Tinafika laibulale isanatsegulidwe. Mlonda wa pamenepo, bambo wamtali wokonda nthabwala amene onse amangomuti a Gadi, anawazindikira.

"A Mawaya! Kuno mwasochera, mabuku salira."

"Ndabwera kudzalemba mayeso."

"Pa msinkhu umenewu? Yunifolomu mwasiya kuti?"

Tinakhala patebulo la pansi penipeni pa kabokosi ka wayifayi kaja, pafupi ndi soketi. Pasiwedi inalembedwa papepala pakhoma. Bambo anatulutsa kafulashi, kubaya, kuyatsa. Sikirini inawala bwinobwino. Anapititsa kamuvi pakona pamene mphunzitsi uja anawaonetsa kuti pamatuluka mayina a wayifayi. Panalibe dzina ngakhale limodzi.

Ananyamula laputopu kupita nayo pawindo. Anabwera nayo pakati pa chipinda. Anaikweza pamwamba pa mutu mpaka kutsala pang'ono kukhudza kabokosi kaja, n'kumaitembenuza pang'onopang'ono monga amachitira ndi wailesi ikamachita phokoso. Anthu owerenga anayamba kudzutsa mitu. Onse mafoni awo anali atagwira.

"Muimangirire hang'ala, a Mawaya!" anatero a Gadi ali pakhomo.

Bambo sanaseke. 10 koloko itatsala pang'ono anakhala pansi n'kupukuta thukuta.

"Si mtunda ayi," anatero. "Khutu lake ndi limene silikumva."

Woyang'anira laibulale ndi mayi wa magalasi amene amamutchula kuti Madamu. Ofesi yake ili pakona, yotchingidwa ndi galasi, ndipo muli kompyuta imodzi yapatebulo, yopanda kamera. Bambo anavula chipewa n'kugogoda, ine ndili kumbuyo kwawo.

"Iyi ndi ya ofesi, bambo. Si ya anthu."

"Ndikudziwa, Madamu. Ndingofunsako funso limodzi. Ntchito yanga ili pamenepa."

Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi. "Mphindi khumi."

Bambo ankalemba, ine ndikuwerenga zotuluka. Tinapeza tsamba limene anthu a vuto ngati lathu amafunsana n'kumayankhana. Wina analemba kuti uyambe watsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo, ulembe mzere wakutiwakuti, ndipo kompyuta ikuuza dzina la kachipangizo ka wayifayi kamene kali m'mimba mwake. Ndinakopera mzerewo kuseri kwa kabuku ka chitetezo. Tinabwerera patebulo pathu, kulemba, dzina linatulukadi, zilembo zitatu ndi manambala anayi. Bambo nkhope inawala pang'ono. Manambala a tizitsulo ndiwo chinenero chawo.

Pobwerera kuofesi tinapeza Madamu ali ndi alendo awiri obweretsa makatoni a mabuku. Tinaima panja pa galasi mpaka hafu pasiti leveni. Atatilola kachiwiri, tinapeza yankho. Kachipangizo ka mtundu umenewo kamafuna fayilo yakeyake yoti kompyuta izitha kuyankhula nako, amaitcha dalaivala, ndipo m'kafulashi ka Bambo munalibe. Wolembayo anati n'zosavuta, ungolumikiza pa intaneti n'kuitenga.

"Ndilumikize pa intaneti kuti ndipeze intaneti," anatero Bambo. "Makiyi atsekeredwa m'nyumba."

M'munsi mwake wina analemba njira ya anthu ngati ife: utengere fayiloyo pa kompyuta ina, uinyamule pa fulashi. Tinaitenga. Koma kafulashi kofiira sitikanatha kukazula, chifukwa n'kamene kankayendetsa laputopu. Bambo anayang'ana Madamu. Madamu anausa moyo, n'kutulutsa mpukutu wa makiyi m'chikwama. Pakati pa makiyiwo panalendewera fulashi yakuda.

"Musaichotse pamenepo. Ndipo makiyi anga abwere pompano."

Tinakopera fayilo ija pa laputopu, ine n'kubweza makiyi. Bambo analemba lamulo loikira, chilembo chimodzichimodzi, ine ndikuwatchulira. Mizere inathamanga n'kuima. Ndinawerenga kawiri ndisanawauze. Fayiloyo inkati singagwire ntchito popanda anzake awiri.

Titacheuka, Madamu anali akukhoma ofesi kupita kukadya.

Chakudya chimene Mayi anatimangira Bambo sanachikhudze. Tinakhala pabenchi panja pa khomo, pamene ndinkatha kuona laputopu kudzera pawindo. Anali akupinda chipewa n'kumachiwongola.

"Apongozi," anatero osandiyang'ana, "ine chiyambire sindinadyepo thukuta la munthu. Zikakanika lero, ndiye kuti ndizikakhala pakhonde kudikira mwana wanga andigulire sopo wosambira."

Aka kanali koyamba kundiuza zakukhosi. Ndinangotseka mbale ija.

Madamu anabwera 2 koloko itatsala mphindi khumi. Atationa pakhomo la ofesi anavula magalasi.

"Bambo, muno ndi muofesi, si mumsika."

"Komaliza, Madamu."

Sikanali komaliza. Mwa mafayilo awiri aja, imodzi tinatenga yolakwika, ya pulogalamu yatsopano kuposa ya m'kafulashi. Tinabwereranso kachinayi. Ulendo umenewo Madamu anangokankha mpando wake n'kuponya makiyi patebulo. Bambo anapinda bondo pothokoza, munthu wamkulu kuposa iye ndi zaka makumi awiri. Ine ndinayang'ana pansi.

3 koloko itatsala mphindi makumi awiri, mizere inathamanga mpaka kumapeto osadandaula. Panatsala lamulo limodzi lodzutsira kachipangizo kaja. Bambo analilemba, n'kupititsa kamuvi pakona. Mayina asanu ndi awiri anatsika pamzere, la laibulale lili pamwamba. Ndinawatchulira pasiwedi. Tsamba la mayeso linatseguka, ndipo pakona panaoneka nkhope yawo, chipewa chili chopindika.

"Yalira!" anakuwa a Gadi, anthu owerenga n'kuwayang'ana moipidwa. "Wailesi ya a Mawaya yalira!"

Madamu anatuluka chikwama chili paphewa, n'kutola makiyi ake patebulo pathu.

"Zatheka eti? Mwayi wanu, chifukwa ine ndikuthamangira kumsonkhano wa makolo kusukulu ya mwana wanga. Lero sindibweranso. A Gadi, mutseke 5 koloko."

Anakhoma ofesi n'kumapita. Nthawi inalipo yokwanira, ola lathunthu ndi mphindi khumi. Bambo anatulutsa pepala la nambala yolowera mayeso n'kuliyala bwinobwino pambali. Anapukuta manja pathalauza. Kenaka anati, "Tiyambe taona ngati yakonzekadi. Ingatichititse manyazi pakati pa mayeso."

Chala chawo ndinachiona chikupita pabatani. Ndinkadziwa chimene chichitike. Mawu anafika pakhosi n'kukumana ndi kalata ija, ndi a Gadi ataima pomwepo, ndi funso limene likanatsatira. Ndinati "Bambo", koma ngakhale ine sindinadzimve. A Gadi anali akufotokoza za wailesi yawo imene inagwera m'chitsime. Sikirini inada.

Milomo ya Bambo inawerenga mpaka khumi. Anayatsa. Sikirini inawala, yoyera, yopanda fayilo ngakhale imodzi. Anapititsa kamuvi pakona. Panalibe dzina.

Anatsegula apa, kutsegula apo. "Mafayilo aja ali kuti? Tinawaika pompano. Apongozi, mwawaona?"

"Imaiwala," ndinatero.

"Mwati chiyani?"

"Ikazima imaiwala zonse, Bambo. Sisunga kanthu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, m'maso mwenimweni, chinthu chimene anali asanachitepo. Kenaka anatembenukira kwa a Gadi.

"Mafayilo akadali pa fulashi ya Madamu. Sukulu ya mwana wake ndi iti?"

"Ija ya kuseri kwa msika, mukawoloka mlatho." A Gadi nthabwala zinali zitawathera. "Tengani njinga yanga. Buleki ndi yakumbuyo yokha."

Ndinaimirira. "Ndipite ine, Bambo. Bondo lanu."

"Khalani. Inu mukafika mukangoima pakhomo."

Zinandilasa, koma sananame. Anatuluka akutsimphina, ndipo ndinawaona pawindo akukwera njinga yaitali kuposa miyendo yawo, akupalasa ataimirira.

Wotchi ya mulaibulale ili pamwamba pa shelefu ya manyuzipepala. Inali 3 koloko ndi mphindi ziwiri. Ndinatenga kabuku kaja n'kukopera malamulo onse papepala loyera, mwadongosolo lake, kusiya olakwika aja. Ndinatsegula kawindo kakuda n'kukasiya kakudikira. Zitatha izo panalibenso chochita. Mayi wina wa patebulo loyandikana anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinapukusa mutu. A Gadi ankangotuluka kumsewu n'kubwerera, kutuluka n'kubwerera. Mphindi khumi ndi zisanu. Makumi awiri. Ndinayamba kuwerengetsa kuti mafunso makumi anayi angathe m'mphindi zingati munthu akamawerenga ndi chala.

Bambo anafika hafu pasiti fili itapitirira ndi mphindi imodzi. Thalauza inali itang'ambika pabondo, magazi akutsikira musokosi. Pamlatho anakumana ndi ngolo ya makala, buleki n'kukana. Pambuyo pake tinamva kuti analowa mumsonkhano mphunzitsi wamkulu akuyankhula, n'kuyenda pakati pa makolo onse mpaka pamene panakhala Madamu, n'kugwada. Madamu anathyola chikhadabo pochotsa fulashi pamakiyi.

Bambo anayesa kuibaya mothamanga, koma inkaphonya bowo. Anandipatsa.

"Lembani inu. Fulumirani."

Ndinakopera mafayilo atatu aja, n'kulemba malamulo motsatira pepala langa. Palibe limene linakana. Mayina anatsika. Pasiwedi. Tsamba. Ndinawapatsa mpando. Nambala yolowera analakwitsa kamodzi. Kenaka tsambalo linafuna kuti aonetse chitupa chawo kukamera, kutsogolo ndi kumbuyo, ayang'ane kumanja, ayang'ane kumanzere. Funso loyamba linatuluka 4 koloko itatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Malamulo a mayeso salola munthu wina kuoneka kapena kumveka, choncho ndinakaima kuseri kwa shelefu, n'kumasuzumira pampata wa mabuku. Ndinkaona msana wawo ndi chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, milomo ikutsatira. Akangomaliza kuwerenga funso, yankho sankaliganizira n'komwe. Za waya wopita pansi, za makwerero, za batire lotupa, zimenezo manja awo anazidziwa ine ndisanabadwe. Chimene chinkadya nthawi n'kuwerenga. Funso lililonse linali ndi mizere itatu kapena inayi, mayankho ake anayi. A Gadi anaima pambali panga chipewa chili m'manja. Chipinda chonse chinali chitasiya kuwerenga.

Anali pa funso la 23 pamene tsamba linasintha lokha. Panatuluka mawu ochepa pakati pa sikirini yoyera. Nthawi yatha. Kuti munthu akhoze pankafunika mayankho olondola makumi atatu.

Bambo anakhala choncho, chala chikadali pasikirini pamene panali funso. Kenaka anadina apa ndi apo, kubwerera m'mbuyo, kulembanso nambala yolowera. Tsambalo linati nambalayo yagwiritsidwa kale ntchito. Anailembanso kachitatu.

"A Mawaya," anatero a Gadi chapansipansi, "tiyeni titsuke bondolo. Muli mankhwala m'kabati."

Fulashi yakuda tinawasiyira a Gadi kuti akapereke Lolemba. Bambo anapepesa za njinga, imene chiwongolero chake chinali chitapotoka. A Gadi anati inali yopotoka kale, zomwe sizinali zoona.

Tinabwerera wapansi, pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, ine nditanyamula laputopu. Tinadutsa pokwerera mabasi. Titafika pamphambano ya kwathu Bambo anaima.

"Munadziwa bwanji kuti imaiwala?"

Ndinawauza za Lamlungu lija, maso ali pazala zanga zakumapazi.

"Kalata ya chiyani?"

"Ya kwa mwana wanu."

Anatulutsa mpweya m'mphuno, sindikudziwa ngati kunali kuseka. "Ndiye masabata onsewa mumadziwa."

"Pepani, Bambo. Ndinkachita manyazi."

Anayang'ana kumsewu, kumene anthu oweruka kuntchito ankadutsa. "Chala chinali changa," anatero. Mpaka lero nkhaniyo sanaibwerezepo, ngakhale kwa Mayi. Ine ndi amene ndinawauza Mayi, tsiku lotsatira tikuchapa. Mayi anasiya kufinya n'kundiyang'ana.

"Mwana iwe, pakamwa pako n'pongodyera basi?"

Lolemba m'mawa Bambo anaimbira bambo wa ku kampani uja. Ndinali pafupi, ndikusesa. Anafotokoza zonse mwaulemu, za denga la laibulale, za mafayilo, za mlatho, n'kupempha ngati angalembe pamaso pa munthu, ngakhale pakamwa, ngakhale atawapatsa denga lenileni kuti aikepo sola anthu akuona. Bambo uja anamvetsera mpaka kumapeto. Anati iye alibe mphamvu pa zimenezo, mayina asanu atuluka kale, ndipo sakudziwa ngati chaka chamawa adzafunenso anthu.

"Zikomo, achimwene," anatero Bambo. "Munayesetsa."

Mwezi unatha Lachiwiri. Tinabwereka ngolo kwa aneba n'kututa zonse za pansi pa masitepe maulendo awiri, Bambo akukoka, ine ndikukankha. Tebulo lija linakana kulowa pakhomo la nyumba, ngakhale chopendeketsa. Pakhonde napo linali lalitali, linkatsekereza njira ya kukhitchini. Bambo analiyeza ndi dzanja, n'kulowa m'nyumba kukatenga sowo.

"Mukuti likhala pamenepa?" anafunsa Mayi. "Nanga mbale ndiziyanika pati? Ndipo ndani azibwera kuno kudzakonzetsa zinthu, kuseri kwa zimbudzi za eni ake?"

Bambo analemba mzere ndi pensulo, n'kuika sowo pamzerepo.

"Apongozi, gwirani uko," anatero. "Gwiritsani, lingang'aluke."